Kuphunzira pulogalamu yatsopano ya CNC pa mavidiyo, zimatheka koma pali zomwe foni singakuuzeni

Mnyamata yemwe amandithandiza kushopu anafika m'mawa wina maso ali psuu, akuti achimwene ndagona 2 koloko usiku, mavidiyo onse a pulogalamu ya VCarve ndamaliza, pano ndaidziwa. Ndinamusunthira laputopu ndikumuuza kuti chabwino, jambula kabokosi ka masentimita 20 mbali zonse, uboole bowo limodzi pakati, undiikire fayilo pa fulashi tikadule. Anakhala pampandopo mausi ali m'manja kwa mphindi zoposa 30, akutsegula apa akutseka apo, poyambira pakusowa. Mwana ameneyu ndi wochangamuka, rauta yam'manja, makina aja osemera matabwa, amaigwira bwino kuposa akuluakulu ena, koma chomwe chinamuchitikira chimachitikira pafupifupi aliyense wophunzira pa vidiyo. Ukamaonera munthu akupanga chinthu mosavuta mutu umakhuta ngati wadziwa, pomwe manja ako sanakhudze kalikonse.

Ndiye ndati ndifotokoze bwinobwino nkhani imeneyi chifukwa mashini a CNC, odula matabwa motsogozedwa ndi kompyuta, akuchuluka, m'mashopu opanga zikwangwani, zitseko za maluwa, makabati akukhitchini, ndipo abale athu ambiri omwe ali ku Johannesburg ndi Cape Town akuwapeza m'malo omwe akugwira ntchito, bwana nkungowalozera kuti uphunzire iyo. Mphunzitsi woti mukhale naye pansi ndi wosowa, ambirife sukulu yathu ndi YouTube basi.

Mashini a CNC rauta kunena zoona ndi rauta yomwe ija timaidziwa, kungoti m'malo moti muigwire ndi manja yamangiriridwa pa chitsulo chomwe chimayenda njira zitatu, X kumanzere ndi kumanja, Y kutsogolo ndi kumbuyo, Z m'mwamba ndi pansi. Ambiri omwe amafika kuno ndi ochokera ku China, makamaka mzinda wa Jinan, ndipo dzina lomwe mumamva loti 1325 ndi kukula kwa tebulo, mamilimita 1300 kwa 2500, anapanga dala choncho kuti bodi yathunthu ya 1220 kwa 2440 igonepo yonse. Aliponso ang'onoang'ono monga 6090, ndi kena ka 3018 koti mutha kukaika pa tebulo lodyera. Onsewa, aakulu ndi aang'ono, saona chojambula chanu. Duwa lija mwajambula pa sikirini iwo salidziwa. Chomwe amamva ndi mizere ya malamulo yotchedwa G-code, yomwe mukaitsegula mupeza zinthu ngati G0 kutanthauza thamanga osadula, G1 dula molunjika, G2 ndi G3 dula mokhota, M3 yatsa spindle (mota yozungulitsa kodulira), M5 zimitsa. Chilankhulo chimenechi ndi chakale, kuyendetsa mashini ndi manambala kunayamba kuonetsedwa ku yunivesite ya MIT ku America mu 1952, ndiye mapulogalamu amabwera nkupita koma pansi pake zinthu sizinasinthe kwenikweni.

Pakati pa inu ndi G-code ija pali ntchito ziwiri zomwe anthu amazisakaniza. Yoyamba ndi kujambula, yomwe amati CAD. Yachiwiri ndi kuuza biti, kachitsulo kodulira kaja, njira yoti idutse, idule mozama bwanji, iyende liwiro lanji, imeneyo ndi CAM, ndipo njira za biti zija amati toolpath. Kenako pali chachitatu chomwe chili pa mashini penipeni, chowerenga fayilo nkuyendetsa ma mota, ena ndi kabokosi kam'manja ka RichAuto komwe timangoti DSP, ena ndi Mach3 kapena NC Studio pa kompyuta, tating'ono tija nthawi zambiri ndi GRBL. Munthu akati ndikufuna kuphunzira CNC ndimamufunsa kaye kuti chiti mwa zitatuzi, chifukwa wina ndi katswiri wa pulogalamu yojambulira ya CorelDRAW kale, kujambula sikungamuvute, chomwe chikumusowa ndi toolpath basi, ndiye kumuonetsa mavidiyo 15 a kajambulidwe ndi kumutayira bandulo yake.

Tsono bwanji tikukamba za pulogalamu yatsopano, yakale ija yatani? Ambiri omwe tinayamba kalekale tinayamba ndi ArtCAM, inapangidwa ndi kampani ya Delcam ya ku Birmingham ku England, ndipo mashini ambiri aku China anthu ankawayendetsa ndi imeneyo. Mu 2014 Autodesk inagula Delcam, pofika 2018 nkulengeza kuti ArtCAM yathera pomwepo, siigulitsidwanso. Anthu ena omwe ankagwira ntchito pa ArtCAM anatsegula kampani yawo ya Carveco nkupitiriza nayo pansi pa dzina latsopanolo, moti ngati manja anu anazolowera ArtCAM, mukatsegula Carveco mumva ngati mwalowa m'nyumba yanu yomwe yangopakidwa penti wina. Ena ambiri anasamukira kwa Vectric, nayonso kampani ya ku England yomwe inayamba mu 2005, ndi yomwe imapanga Cut2D, VCarve ndi Aspire. Aspire ndi yaikulu pa zonsezi, mutha kuumba nayo zotukuka za 3D ngati nkhope ya mkango pa chitseko, koma mtengo wake umafika pafupifupi madola 2000, VCarve ndi yotsikirapo ndipo pa ntchito ya zikwangwani ndi makabati imakwana. Ilinso Fusion 360 ya Autodesk, yamphamvu kwambiri pa zinthu zofuna muyeso weniweni ndi zolumikizana, koma imalemera pa laputopu yofooka komanso imafuna intaneti pafupipafupi, ndipo yaulere yake ndi ya munthu wongopanga zapakhomo osati bizinesi. Zaulere zenizeni ndi FreeCAD, yomwe inafika pa vesheni 1.0 mu 2024, ndi Inkscape yojambulira. Ina yotchedwa Easel imagwira ntchito mu bulawuza, netiweki ikachoka nayonso yachoka.

Ine maganizo anga ndi oti musamataye miyezi mukufunsa kuti yabwino ndi iti. Yang'anani ntchito yomwe makasitomala anu amabweretsa, yang'anani laputopu yomwe muli nayo, sankhani imodzi mukakamire pomwepo. Ndaonapo anthu lero ali pa Aspire mawa Fusion mkuja Carveco, chaka nkutha osadula ngakhale kasupuni.

Chomwe chinandimasula ine posamuka ku ArtCAM ndi kuzindikira kuti mapulogalamu onsewa amafunsa mafunso amodzimodzi, kungoti mabatani ali malo osiyana ndipo mayina anasinthidwa. Onse amayamba ndi kufunsa kuti bodi yanu ndi yaikulu bwanji, yokhuthala bwanji, ziro (poyambira kuwerenga muyeso) wa X ndi Y ali pakona kapena pakati, ziro wa Z ali pamwamba pa bodi kapena pa tebulo. Onse amafuna mizere yoyera yotsekeka. Onse amafuna musankhe biti, munene kuya, muone chithunzi cha momwe zitulukire, kenako museve. Mukalowa mu vidiyo muli ndi mafunso amenewa m'mutu, simuonera ngati filimu, mumakhala mukusaka kuti funso lakuti mu pulogalamu iyi analibisa pati, ndipo mukalipeza mwaphunzira chinthu chomwe sichichokanso.

Nkhani ya mizere ndiyikhalitsepo pang'ono chifukwa ndi yomwe imapweteka oyamba kumene. Kasitomala amakutumizirani chithunzi pa WhatsApp, chizindikiro cha tchalitchi chawo kapena sukulu, akuti ingoikani mu mashini idule. Chithunzi chimenecho ndi timadontho tambirimbiri basi, biti ilibe msewu woti itsate. Chimafunika chisanduke vector, kutanthauza mizere yeniyeni yomwe ili ndi poyambira ndi pothera, mafayilo ake ndi monga DXF, SVG kapena EPS. Mapulogalamuwa ali ndi batani lotsata chithunzi palokha, ndipo mu vidiyo limagwira ntchito mokongola chifukwa mphunzitsiyo wasankha chithunzi chakuda ndi choyera chooneka bwino, koma chanu chija chajambulidwa ndi foni madzulo chadutsanso pa WhatsApp katatu, mukadina batanilo mizere imatuluka yokhotakhota ngati yalumidwa ndi mbewa, ndipo mashini adzadula kukhota kulikonse mokhulupirika. Nthawi zambiri kujambulanso ndi dzanja pamwamba pa chithunzicho kumafulumira kuposa kukonza zinyalala zimenezo. Chinanso ndi mzere wosatsekeka, mumaona ngati bokosi latsekeka koma pakona pali kampata kosaoneka ndi maso, pulogalamu nkukana kukumba mkati mwake, inu nkumaganiza kuti yawonongeka. Fufuzani vidiyo ya kulumikiza mizere ndi kukonza ma node, timfundo tomwe timagwira mzere, imeneyo muonere katatu, ndi yosasangalatsa koma ndi yomwe idzakudyetseni.

Ma toolpath ofunika poyamba ndi ochepa. Profile imadula motsatira mzere, ndipo mumasankha kuti biti idutse kunja, mkati kapena pamwamba pa mzerewo, mukalakwitsa apa ndi biti ya mamilimita 6 chinthu chanu chichepa ndi mamilimita angapo mbali zonse. Pocket imakumba mkati monse. Drill imaboola. V-carve ndi ya zilembo zija zokongola za pa zikwangwani, imagwiritsa biti yosongoka ya madigiri 60 kapena 90 yomwe imazama pomwe chilembo chatambalala nkukwera pomwe chawonda. Podula chinthu mpaka kuchoka pa bodi pamafunika kusiya timilatho ting'onoting'ono totchedwa ma tab kuti chisadumphe chikamasuka. Ndipo popeza biti ndi yobulungira siingadule kona yamkati ya sikweya, ndiye ngati mukufuna matabwa alowane mumaika timakutu pakona tomwe amati dogbone. Kalipentala wa tchizulo zimenezi amazimva msanga kuposa wophunzira za kompyuta, chifukwa amadziwa kale kuti joini imafuna chiyani.

Kaoneredwe ka vidiyo kali ndi nzeru yake. Foni ikhale pambali, laputopu patsogolo, pulogalamu yotsegula. Mphunzitsi akadina kamodzi, imitsani, dinani nanunso, muone ngati zatuluka chimodzimodzi, kenako mupitirize. Vidiyo ya mphindi 20 ikutengereni ola lathunthu, palibe cholakwika. Ngati Chingerezi chake chikuthamanga, pa YouTube pali pochepetsera liwiro kufika 0.75, palinso poyatsira mawu olembedwa pansi. Mukamaliza tsekani vidiyoyo mupange chinthu chomwecho popanda kuonera, pomwe mwakakamira ndi pomwe simunamve, bwererani pokhapo. Kenako mupange chanu chosiyana pang'ono, iye anapanga chikwangwani cha dzina lake inu mupange cha nambala ya nyumba. Yambani ndi mavidiyo a eni pulogalamu, a Vectric mwachitsanzo amaika mavidiyo motsatana bwino pamodzi ndi mafayilo oti mudawunilode muzitsatira nawo, ndipo pulogalamu yawo yoyeserera ndi yaulere, mutha kujambula ndi kuona chithunzi cha zotuluka ngakhale kuti kudula imakulolani mafayilo awo achitsanzo okha. Pa YouTube anthu ngati Mark Lindsay pa Vectric ndi Lars Christensen pa Fusion 360 amaphunzitsa modekha oyamba kumene. Za bandulo ndikudziwa zimawawa, koma mavidiyo amenewa musawaonere pa 240p chifukwa manambala a m'timabokosi saoneka ndipo phunziro lonse lili mu manambala amenewo, bola kudawuniloda atatu okha ooneka bwino pomwe mwapeza Wi-Fi nkumawabwereza sabata yonse. Kope ndi cholembera zikhale pafupi, ine langa lili ndi mafuta ndi utuchi koma ndi lomwe ndimatsegula magetsi akabwera ndili ndi oda yofulumira.

Tsono apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Munthu wa mu vidiyo uja ali ndi mashini ake, matabwa ake, mabiti ake, ndipo ambiri ali ku America komwe amayeza ndi mainchi. Mabatani mutha kukopera, manambala ake ayi. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, biti yomwe iye akuti kota inchi ndi 6.35 pomwe yanu yomwe munagula ndi 6 ndendende, kusiyanako kukuoneka kochepa koma mukauza pulogalamu 6.35 muli ndi 6, mabowo onse atuluka othina ndipo shelefu silowa. Akati liwiro 100 akutanthauza mainchi pa mphindi, omwe ndi mamilimita 2540, inu mukalemba 100 pa mamilimita biti iyenda ngati nkhono ikungopsereza thabwa. Mu G-code muli kalamulo kakang'ono, G20 ndi mainchi G21 ndi mamilimita, fayilo ikasokonekera apa mashini atha kufuna kuyenda mamita 5 pomwe inu mumafuna masentimita 20. Bodi nayonso, yolembedwa 18 mukaiyeza ndi choyezera cha vernier mutha kupeza 17 ndi kenakake, ndiye musanalembe kukhuthala kwake mu pulogalamu yezani kaye, musakhulupirire za pa risiti.

Liwiro la biti lili ndi masamu ake osavuta. Mumatenga kuzungulira kwa spindle pa mphindi, kuchulukitsa ndi mano a biti, kuchulukitsanso ndi kukula kwa kachibenthu komwe dzino lililonse liyenera kuluma. Spindle pa 18000, biti ya mano 2, kachibenthu ka 0.1, zikupatsani mamilimita 3600 pa mphindi. Oyamba kumene amachita mantha nkuchepetsa liwiro poganiza kuti akuteteza biti, chikhalirecho ndiye akuipha, chifukwa biti ikamazungulira kwambiri ikuyenda pang'onopang'ono siiluma, imangokhuza, imatentha nkuda nkubuntha. Koma nambala imeneyinso ndi poyambira chabe, mashini aakulu olimba aitha, kamashini ka 3018 kangogwedezeka nkuthyola biti. Ndipo mphunzitsi wanu akudula mitengo ya kwawo, sanagwirepo mlombwa kapena mbawa, sadziwa momwe bulugamu wosauma bwino amapindikira pa tebulo kapena momwe paini wa ku Chikangawa amamatira utomoni pa biti. Zimenezi mumazimva ndi khutu komanso kuyang'ana utuchi. Ukamatuluka wa tizibenthu tooneka ndiye kuti zili bwino, ukamatuluka fumbi lokhalokha lotentha ndi kafungo kopserera onjezerani liwiro kapena chepetsani kuzungulira, mashini akamalira mokuwa ngati akudandaula chepetsani kuya. MDF, bodi ya utuchi wopanikizidwa, yokha ndi yomwe imatulutsa fumbi nthawi zonse, ndipo fumbi limenelo lili ndi guluu wa mankhwala, chonde valani chotchinga mphuno chenicheni, mavidiyo ambiri ali ndi mashini okoka fumbi omwe ife ambiri tilibe.

Za ziro wa Z ndili ndi chipsera chake pa tebulo mpaka lero. Masiku oyamba pa VCarve ndinatsegula fayilo yachitsanzo yomwe mwini wake anaika ziro pa tebulo, ine chizolowezi changa ndi kuika pamwamba pa bodi ndi kapepala kaja, kutsitsa biti pang'onopang'ono mpaka pepala litayamba kugwira. Pa fayilo ina ndinachita mosemphanitsa, pulogalamu ikuwerenga kuchokera pamwamba ine nditaika ziro pa tebulo. Nditadina kuti iyambe, biti inatsika molunjika kudutsa thabwa lonse la mlombwa la kasitomala nkulowa m'bodi ya pansi, phokoso lake ngati wina waponda galu, ndisanafike pa batani lofiira biti inali itaduka kale kachidutswa katagwera uko. Thabwa limenelo linali louma bwino la zaka, lina ngati lomwelo ndinalisaka sabata ziwiri. Mu vidiyo kabokosi ka ziro kaja mphunzitsi anakadutsa mu masekondi atatu chifukwa kwa iye ndi chinthu chodziwikiratu. Kuchokera tsiku limenelo fayilo iliyonse yatsopano ndimayamba kuiyendetsa m'malere, ziro nditamukweza pamwamba, biti izivina mumphepo ndikuona ngati ikupita komwe ndikuyembekezera, kenako pa chidutswa chotaya, thabwa la ndalama limabwera pomaliza.

Chinanso chomwe amadutsa mothamanga ndi post processor, kamene kamamasulira toolpath kukhala G-code yomwe mashini anu enieni amamva. Iye asankha ya mashini ake aku America nkuseva, inu mukatsatira DSP yanu ikana fayilo kapena ichita zachilendo. Funsani yemwe anakugulitsani kapena yemwe ankawayendetsa kale kuti amasevera iti, mulembe dzinalo pakhoma pafupi ndi mashini.

Mudzakumananso ndi zoti vidiyo ndi ya vesheni ina pulogalamu yanu ndi ina, batani lomwe akudina kwanu kulibe. Musataye mtima, kawirikawiri langosamutsidwa, ikani mausi pa chizindikiro chilichonse dzina lake lituluka. Ndipo ndinene poyera za mapulogalamu obedwa omwe amayenda pa mafulashi, ndikudziwa chifukwa chake anthu amawagwiritsa, madola ndi ovuta kupeza. Koma ambiri ndi akalekale osagwirizana ndi mavidiyo atsopano, ena amabwera ndi ma virus, ndipo ikafa pakati pa oda mulibe kolirira. Ngati mashini akubweretsa ndalama, laisensi muiwerengere ngati momwe mumawerengera mabiti ndi lendi, muyambe ndi yaing'ono, a Vectric amalola kukwera pa yaikulu mukungowonjezera ndalama yotsalayo.

Mnyamata uja tinagwirizana kuti mavidiyo aziona imodzi yokha patsiku, madzulo tikaweruka, ndipo m'mawa mwake asanagwire tsache azindionetsa chinthu chomwe wapanga popanda kuonera. Kabokosi kake ka masentimita 20 kanatuluka tsiku lachitatu, kochepa ndi mamilimita 12 chifukwa anadutsitsa biti mkati mwa mzere m'malo mwa kunja, anakayeza yekha ndi tepi, anakhala chete pang'ono kenako nkuti aaa achimwene ndaona pomwe ndalakwitsa, nkubwerera pa laputopu ine osamuuza kanthu. Pano ndi amene amapanga zilembo za zikwangwani zonse pashopu, ndipo sabata yatha anandionetsa njira yosanjira zidutswa pa bodi kuti zotaya zichepe yomwe ine sindinkaidziwa, akuti anaipeza pa mphindi ya 14 ya vidiyo ina yomwe ine ndinaidumpha.